Nyenyezi ya Agnes Inaikidwa ndi Mlendo

Mu 2014 ndinali ndi zaka 58, ndikugwirabe ntchito mu mgodi. Chaka chimenecho mwana wanga Agnes anamaliza maphunziro a usilikali ku Kabwe. Pa mwambo wake makolo amaika nyenyezi pa mapewa a mwana, mayi kumanzere, bambo kumanja.

Nsapato zabwino ndinalibe. Ndinali ndi majombo a ku mgodi okha. Kubwereka sindinafune, ndipo kukaima ndi majombo pakati pa mabwana ndinachita nako manyazi. Choncho ndinanamiza mkazi wanga kuti andiika pa shifti.

"Bashi Agnes, Loweruka lomweli?" anafunsa. Ku migodi kuno "Bashi Agnes" ndiye kuti bambo a Agnes.

"Kodi mgodi ndi wanga?" ndinamukalipira.

Iye atakwera basi ya ku Kabwe, ndinavala ovolosi ndi chisoti, n'kuchoka kwathu ku Chamboli ngati munthu wopita kuntchito. Ndinakakhala ku komboni ya Buchi tsiku lonse, nkhalamba yovala chisoti pansi pa mtengo wa mango, ndikuonerera nsolo. Mnansi wathu anandiona.

Nyenyezi ya kumanja inaikidwa ndi bambo wa mtsikana wina, munthu amene Agnes sankamudziwa n'komwe.

Patapita sabata Agnes anandiimbira foni. "Atate, nsolo inayenda bwino?" Sanakweze mawu. Ine ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula.

Lero ndi kaputeni. Amandipatsa ulemu wonse, koma nkhani zake amandiuza zitachitika kale. Chiyambire Loweruka limenelo ndaphonya kukwezedwa kwake kuwiri, tsiku limene ananyamuka kukasungitsa mtendere kunja, tsiku limene anabwerako, ndi ubatizo wa mwana wake woyamba.