Ndodo ndaisiya ku Benga

Mwaswera bwanji nonse, imvani izi.

Lero ndinapita ku Benga ndi ndodo kukasaka Yusufu, uja anagwetsa thandala langa loyanikapo usipa ndi njinga yamoto n'kumaseka. Ndikudziwa, akuchikazi anati ndikadzamenyanso munthu za chinkhoswe zatha, koma mtima unali utawira.

Mvula inandithamangitsira m'babashopu, ndipo pa TV panali sewero la ku China lomasulira m'Chichewa. Abale inu! Nkhalamba ya ndevu zoyera inanyamula kapu yodzaza tiyi, anyamata a malupanga ataizungulira. Iyo sinaponye chibakera ngakhale chimodzi. Imangopendeka, kuwerama, kutembenuka ngati kampango m'madzi, malupanga akudutsa pamphuno, mpaka onse anagwa pansi ali wefuwefu. Tiyi uja osatayika ngakhale dontho! Kenako inam'patsa mtsogoleri wawo kuti amwe akadali wotentha. Ine thupi lonse linachita tsemwe.

Pomwepo Yusufu analowa kudzameta. Ataona ndodo, maso tong'o.

"Achimwene, tikambirane kaye," anatero.

Dzanja linkayabwa, sindinama. Koma ndinangosendera pabenchi. "Khala apa iwe, ukunditchinga."

Tinaonera limodzi mpaka kutha. Akuti Loweruka abwera ndi nsungwi kudzamanga thandala lija. Ndodo ndaisiya komweko, wometa azithamangitsira mbuzi.

Anzanga akuti ndachita mantha. Amalume, inu ndinu ankhoswe, tandiuzani: mwamuna ndi uti, woponya chibakera kapena wosataya tiyi? Ndipo akuchikazi mukawauze ndinu kuti sindinamenye munthu, ine sangandikhulupirire.