Tinamuuza Taonga Kuti Amake Akali ku Chipatala

Ndinadzuka kusanache, ndili pampando wa pulasitiki pansi pa tenti. Moto umene amuna anasonkha usiku unali utatsala makala okhaokha. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya kukomboni kwathu ku Mtendere nthawi imeneyo imalowa ndi m'nsapato momwe. Amuna ena anali atagona chokhala, atafunda majekete kumutu. M'nyumba mwathu, mmene amayi anachezera kuyimba, munali zii, kupatula mmodzi amene ankatsokomola. Linali tsiku lachitatu la maliro a mkazi wanga, tsiku loika.

Katundu wathu yense anali panja kuti amayi apeze pokhala: mipando, tebulo, makina ake osokera, ndi shelefu imene ndinamukhomera titangokwatirana. Mabuku okha ndiwo sanali pamenepo. Tsiku loyamba ndinaona mayi wina akung'amba magazini kuti ayatsire mbaula, ndipo ndinalonga mabuku onse m'makatoni awiri n'kuwatumiza kwa bana Mulenga, mayi wa Chibemba, mnansi wathu wokhala nyumba yachinayi kuchokera pathu. Mwana wathu Taonga, wa zaka zisanu ndi chimodzi, analinso komweko.

Taonga sankadziwa kuti amake amwalira. Apongozi anga atafika kuchokera ku Katete anati mwana wamng'ono chotere sauzidwa za imfa. Anati auzidwe kuti amake akali ku chipatala, ndi kuti anthu adzaza pakhomo chifukwa cha mapemphero; adzazindikira yekha akamakula. Achibale anga anavomereza. Atandifunsa ndinavomeranso, chifukwa ndinalibe mawu ena omuuza. Masiku atatu onsewo sindinapondeko kwa bana Mulenga.

Kutayamba kuyera amayi anatuluka mmodzimmodzi, zitenje zili kumapewa. Anayatsa moto kuseri pa mafuwa a mabuloko, nateleka madramu odula pakati. Ena ankadula kabichi pa lata, ena ankasankha nyemba. Utsi unakana kukwera, unangoyandama pabwalo. Wina anandipatsa tiyi m'kapu yosakhala yathu, ndipo ndinaigwira kuti manja afunde.

Pofika eyiti koloko msewu wathu unali utatsekeka. Kunabwera amayi a kutchalitchi m'malaya oyera, anzake a mkazi wanga a kumsika kumene ankasoka, ndi anzanga a kuntchito amene anaima pamodzi chakutali, osadziwa poika manja. Kunabweranso mkulu wina amene sindinamudziwe, wovala jekete lalikulu kumuposa. Anandigwira chanza n'kunena kuti amagulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anati mkazi wanga ankawerenga theka la buku ataimirira, kenaka n'kumuuza kuti atsitse mtengo popeza theka latha kale. Anaseka pang'ono, n'kukakhala kumbuyo.

Ine ndi amene ndinapita ku koleji. Ndinaphunzira za magetsi, ndipo chimalizire mayeso sindinawerengepo buku mpaka kumapeto. Mkazi wanga anathera giredi thwelofu, koma ankawerenga paliponse. Ankawerenga m'minibasi mpaka kupitirira potsikira, kondakitala n'kumusiya kutali, iye n'kubwerera wapansi wosadandaula. Magetsi akazima ankawerenga ndi tochi ya foni. Pamakina ake pankakhala buku lotsegula, lotsinjiridwa ndi sizasi.

Taonga atabadwa, amake anayamba kugula mabuku a zithunzi. Ambiri anali a Chingerezi, ena olembedwa mayina a ana akunja pachikuto. Ankawerenga akusandutsa mawuwo Chinyanja pomwepo, ndipo ana a m'bukumo ankapezeka akudya vitumbuwa ndi kutunga madzi pampopi wolipira. Sankathamangira kumapeto. Pakati pa nkhani ankatseka buku chala chili m'kati, n'kufunsa kuti, nanga iwe ukanachita bwanji? Buku la masamba khumi ndi awiri linkatha masiku atatu. Nthawi zambiri ine ndinkamvera ndili pafoni, ndi khutu limodzi.

Tinakatenga thupi, n'kupita ku tchalitchi. Za ulaliki sindikukumbukapo kanthu. Ndikukumbuka mzere wa anthu odzaona nkhope, ndi kuti anamuveka duku limene iye sakanalisankha. Kuchokera apo tinanyamuka ulendo wa kumanda, galimoto ya bokosi patsogolo, maminibasi atatu ndi lole pambuyo. Amayi a m'lole ankayimba, mphepo n'kumadula nyimboyo pakati. Pamsika anthu ogulitsa anaimirira, ndipo mwamuna wina wokankha wilibala anavula chipewa mpaka tinadutsa.

Kumanda kunali fumbi lofiira ndi mphepo. Maliro ena awiri ankachitika pafupi, ndipo nyimbo zathu zinkasakanikirana ndi zawo. Anyamata anakwirira mosinthana mafosholo. Itafika nthawi ya nkhata, mkulu wa mpingo anayamba kuitana potsata pepala limene anam'patsa. Anaitana mwamuna wa malemu, ndipo ndinakaika yanga. Kenaka anaitana mwana wa malemu. Palibe anasuntha. Anaitananso, akuyang'ana uku ndi uku. Mng'ono wa mkazi wanga ndiye anatuluka msangamsanga, n'kuika kankhata kakang'ono m'malo mwake. Mkuluyo anapitiriza ndi dzina lotsatira.

Titabwerera tinasamba m'manja m'beseni pageti, anthu n'kukhala m'magulu kudya. Apa m'pamene a chimbuya anayamba ntchito yawo. Pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba pali chibale chachipongwe: pamaliro athu iwo ndiwo amatumikira, amatipaka ufa kumaso, amatinyoza mmene afunira, ndipo palibe amaloledwa kukwiya. Amatsanziranso malemu, kuti olira aseke. Apongozi anga anapakidwa ufa mpaka m'makutu. Ine anandithira pajekete lakuda, n'kundiuza kuti tsopano ndaoneka ngati munthu.

Kenaka bana Mulenga anatulukira pageti atavala chitenje cha mkazi wanga, tepi yoyezera ili m'khosi, buku lili kumaso. Ankayenda akuwerenga, n'kugunda mpando, n'kuupepesa mpandowo osachotsa maso pabuku. Anthu anaseka, ngakhale amayi amene analira kwambiri kumanda. Bana Mulenga anakhala pasitepe mmene mkazi wanga ankakhalira, mwendo umodzi ataupinda. Anawerenga mawu awiri atatu, n'kutseka buku chala chili m'kati, n'kuloza mkulu wa mpingo.

"Nanga imwe ba elda, mukanachita bwanji? Osayankha na nyama mukamwa."

Ndinalizindikira bukulo ndi chikuto chake chomatidwa ndi selotepi. Linali la mtsikana amene atate ake anagulitsa mbuzi yake, n'kumuuza kuti yathawa. Mtsikanayo ankayenda m'minda tsiku lililonse akuiitana. Tsiku limene amake anamuwerengera bukulo, Taonga anakwiya mpaka kukana kudya. Amake anati mwina bamboyo ankaopa kuti mwana alira. Taonga anati kulira n'kwa tsiku limodzi, koma kufunafuna n'kwa masiku onse. Anakangana mpaka ndiwo zinazizira. Pomaliza mkazi wanga anandifunsa ine. Ndinayankha maso ali pafoni kuti ine ndikanamuuza zoona, ndipo Taonga anabwera kudzakhala pamiyendo panga.

Bana Mulenga anaimirira n'kubwera pamene ndinakhala. Anali akumwetulirabe, ndipo analankhula mokweza kuti onse amve.

"Iwe mwamuna wanga wakudya mbeba, sukulu yonse ija unapitila chani? Mwana wako alonga ma buku yatatu mu pulasitiki, akuti mailo kukacha apeleke ku chipatala, amake basowa vobelenga. Buku ili nachita kumubela. Manje nimuuze chani? Ine nine muBemba, kunama niziba, koma uku kwanilemesa."

Ena anaseka, poganiza kuti chipongwe chikupitirira. Apongozi anga anati, "Bana Mulenga, apo mwapyola."

"Pa chimbuya palibe mulandu, ba mayo," anatero, n'kundiikira bukulo pamiyendo, n'kupita kukathandiza kutsuka mbale.

Ndinakhala kaye mpaka anthu atayamba kutsanzikana. Kenaka ndinapita pamene panali apongozi, n'kugwada monga ndimachitira nthawi zonse polankhula nawo. Ndinawauza kuti ndikukatenga mwana, ndipo ndimuuza lero. Anandiyang'ana, ufa ukadali m'tsitsi mwawo. Iwonso anali ataika mwana wawo tsiku lomwelo.

"Mukamuliza mudzamutonthoza nokha, atate ake a Taonga."

Ndinati ndamva.

Dzuwa likupendeka eni tenti anabwera kudzaigwetsa. Mipando ya kutchalitchi inakwezedwa m'lole. Achimwene anga anabwezeretsa katundu m'nyumba, koma chilichonse pamalo posakhala pake: tebulo kukhoma lina, makina osokera pafupi ndi chitseko. Pabwalo panatsala mabwalo atatu a phulusa ndi udzu wopondedwa. Achibale ogona anapita kuseri, kumene apongozi anayala mphasa.

Ndinamupeza Taonga pakhonde la bana Mulenga, pulasitiki yake ili pambali. Anali atalukidwa tsitsi mwa mtundu wina. Sanandithamangire. Anandifunsa chifukwa chake jekete langa linali loyera, ndipo ndinati ndi ufa. Tinayenda nyumba zinayizo atagwira chala changa, pulasitiki ili kudzanja linalo.

M'nyumba munkanunkha utsi ndi anthu ambiri. Anayang'ana shelefu yopanda kanthu, n'kuyang'ana makina. Ndinamukhazika pampando, ine n'kukhala pansi kuti maso athu alingane. Ndinali nditakonza mawu panjira, koma ndinanena ochepa. Ndinamuuza kuti amake sali ku chipatala. Ndinati anadwala kwambiri, madokotala anayesetsa, ndipo anamwalira Lolemba. Ndinati tawaika lero, ndipo sabweranso. Ndinamuuzanso kuti tinamunamiza, ineyo pamodzi ndi enawo, ndi kuti tinalakwa.

Anayamba kupindapinda pakamwa pa pulasitiki ija.

"Ninamvela nyimbo," anatero. "Bana Mulenga benze kukweza wailesi, koma ninamvela."

Kenaka analira, osati mokweza, nkhope itakanikizidwa paphewa panga. Kuseri kulankhula kunaleka. Palibe analowa. Atatopa anapukuta mphuno pajekete langa n'kuyamba kufunsa. Anafunsa ngati kumandako n'kutali, ngati tingapite mawa, ngati anawafunditsa popeza kukuzizira. Ndinayankha lililonse mmene ndikanathera, ndipo pamene sindinadziwe ndinanena kuti sindidziwa.

"Imwe anakuuzani ndani, ba dadi?"

"Ba nesi."

"Munalila?"

Ndinati ayi, sindinalire.

Anandiyang'anitsitsa, n'kutsika pampando, n'kukakankha chitseko mpaka chinatsekeka. Anabwerera n'kukhala pansi pafupi nane, msana kukhoma.

"Lilani manje," anatero. "Sinizauza munthu."