Ndinachotsetsa Mnzanga Ntchito Chifukwa cha Mzere Umodzi wa Pulogalamu

Inu owerenga, pali mayi wina amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha pakamwa panga, chonsecho wolakwa ndinali ine. Ndakhala nayo mumtima nkhaniyi kwa zaka zambiri, koma lero ndati ndiulule kuti wina asadzabwereze.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho ndinaleredwa ndi agogo kufupi ndi Namadzi. Ndinakula wosakonda zolankhula, womangoyang'ana anthu. Munthu akandisekerera ndinkayamba ndadzifunsa kuti akufuna chiyani. Nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre, ndinapeza ntchito pa sekondale ina yapulaiveti kwathu komweko. Ahedi anandiuza kuti ndilembe pulogalamu yosunga malikisi a ana, ndipo ndinayamba kuilemba mu Scheme, chilankhulo cha kompyuta chimene ndinkachidziwa bwino.

Mu ofesimo munali mayi wotaipa, a Felesiya, munthu wanthabwala komanso wogwira zinthu msanga. Ndinawaphunzitsa Scheme ndipo tinagawana ntchito. Ine ndinatenga mojulo, kapena kuti chigawo cha pulogalamu, yosunga mayina ndi malikisi. Iwo anatenga yosindikiza malipoti.

Pamwamba pa mojulo pamakhala mzere wotchedwa export. Pamenepo umalemba mayina a mafankishoni, tizigawo togwira ntchito imodziimodzi, amene ukulola kuti mnzako awagwiritse ntchito. Imene sunailembe imakhala yobisika, moti mnzako sangaikhudze ngakhale atafuna.

Tsiku lina tikuonetsa ahedi ntchito yathu, pulogalamu inakana, n'kulemba kuti dzina lina sikulidziwa. Ndinali nditaiwala kuliika pa export. "Achimwene, mwatsekera ndiwo m'kabati, nanga alendo adyera chiyani?" anatero a Felesiya. Ahedi anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine sindinaseke. Atangotuluka, ndinaika fankishoni iliyonse pamzere uja kuti wina asadzandisekenso.

Pakati pa zimenezo panali ina yosanja manambala kuyambira wamkulu kutsika mmunsi. Inali ndi khalidwe loipa limene ndinkalidziwa ndekha. Siinkapanga mndandanda watsopano, inkasokoneza womwewo umene waipatsa. Ine nthawi zonse ndinkaipatsa mndandanda wokopera, osati weniweniwo, koma sindinauze munthu.

Teremu itatha, malipoti anatuluka ndipo ku Fomu 2 kunabuka phokoso. Nambala wani anali Aginesi, mtsikana amene aphunzitsi onse ankati masamu amamuvuta. Aginesiyo anali mwana wa mchimwene wawo wa a Felesiya.

Sindinatsegule n'komwe pulogalamu kuti ndione. Ndinayamba kuwalonda a Felesiya. Ndinkaona kuti nthawi ya nkhomaliro amatsalira mu ofesi, kuti ndikalowa amasiya kutaipa, kuti Aginesi amabwera kudzanong'ona nawo pawindo. Chilichonse chinasanduka umboni. Nditawafotokozera agogo akusankha tomato wopita naye kumsika, anangoti, "Iwe ulibe bambo wokakuyankhulira. Ukachedwa, mlanduwu akusenzetsa iweyo."

Mawa lake ndinapita kwa ahedi n'kuwauza kuti kompyuta siisintha malikisi yokha, ndipo oigwira tilipo awiri. Sindinawonjezere kanthu, koma anamva. A Felesiya anaitanidwa, analira, analumbira, koma palibe anawakhulupirira, ndipo anawachotsa ntchito. Akulongedza katundu wawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukudziwa makinawa. Tangoonaninso." Ndinayang'ana kumbali.

Malikisi tinawakonza pamanja. Teremu yotsatira ndinasindikiza malipoti ndekha, pogwiritsa ntchito mojulo imene iwo anasiya. Aginesi anali atachoka pasukulupo chifukwa chonyozedwa. Nambala wani anakhala mnyamata wina amene anajomba pafupifupi mwezi wathunthu. Tsopano panalibenso wina woti ndimuloze chala. Ndinayala malipoti onse patebulo motsatira kaundula wa kalasi, ndipo ndinaona malikisi akutsika bwinobwino kuyambira dzina loyamba mpaka lomaliza. Mnyamatayo ndiye anali woyamba m'kaundula tsopano, pamalo pamene kale panali Aginesi.

Ndinatsegula mojulo ya a Felesiya. Pofuna kupeza kuti mwana wakhala nambala chani, anaitana fankishoni yanga yosanja ija n'kuipatsa mndandanda weniweni wa malikisi. Malikisi anasuntha, mayina n'kutsala pomwepo. Sanalakwe chilichonse. Anaiona pa export, ndipo chili pa export ndiye kuti mwini wake wavomereza kuti n'chabwino kugwiritsa ntchito.

Ndinakaulula kwa ahedi, koma anati malo aja analembapo kale munthu wina, komanso kuitsegulanso nkhaniyo kukanaipitsa mbiri ya sukulu kwa makolo. Ndinakwera njinga mpaka ku Magomero, kumene a Felesiya anabwerera kukalima. Ndinawapeza akutong'ola chimanga. Anamvetsera zonse osasiya ntchito yawo, kenako anati, "Ine zandipita. Koma mwana uja mpaka lero anzake amamutchula wakuba malikisi. Mukamuuze nokha, ali kuseriko." Ndinapita, koma Aginesi atangondiona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Inu amene mumalemba mapulogalamu, mzere wa export musamaudzaze chifukwa cha ulesi kapena manyazi. Muziikapo zokhazo zimene mwaziyesa ndipo mukhoza kuziyankhira zikakhala m'manja mwa munthu wina. Fankishoni yosintha zinthu mwakachetechete ibiseni, ndipo mnzanu akaifuna mulembereni ina yotetezeka. Zinthu zikasokonekera, yambani mwawerenga ntchito yanu musanayambe kuwerenga nkhope za anzanu. Ine kufufuza kumeneko kukananditengera mphindi zochepa chabe, koma ndinadikira teremu yathunthu, ndipo pofika nthawiyo mayi analibe ntchito, mwana analibe sukulu.