Tsiku Limene Anabwera Kudzasasula Malata

Banja lathu linatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Sindinama, ndinalira, koma osati kwambiri. Abambo a ana anga anali atapeza kale mkazi wina ku Area 25, kufupi ndi kuntchito kwawo ku Kanengo, ndipo ine ndinali nditatopa kuwasungira ndiwo zomwe zinkagona m'poto mpaka kusasa. Ankhoswe atalephera kutigwirizanitsa, anati basi, tigawane katundu mwamtendere.

Tinatulutsa zonse pabwalo la nyumba yathu ku Chinsapo. Amalume anga anakhala mbali iyi, amalume awo mbali inayo. Anthu oyandikana nafe nawo anayamba kusesa mabwalo osesedwa kale, makutu ali kwathu. Njinga, wailesi ndi masofa zinapita kwa abambo. Mapoto, mbaula ndi bedi la ana zinatsala kwa ine. Simbi tinakanganirana pang'ono, kenako ndinati atenge, mwina mkazi watsopanoyo amadziwa kusita kuposa ine.

Nkhani inavuta pa nyumba. Poloti ndinagula ine ndi bizinesi yanga ya kaunjika, njerwa ndinaumba ndi manja angawa. Koma malata anagula ndi iwo, chaka china fodya atayenda bwino kuntchito.

"Makoma ndi anu, mayi," anatero abambo aja, "koma malata ndi anga. Ndidzasasula Loweruka."

Amalume anga anayamba kufunsa kuti nanga ana agona pati, koma pakamwa panga panawadula mawu. Ine ndikapsa mtima sindidikira mzere.

"Asiyeni asasule! Atenge ndi misomali yomwe!"

Ndinayankhula mokweza kuti osesa aja amve. Mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse, ndipo za malata ena ndinalibe ngakhale poyambira. Ndinkayang'ana ana anga n'kumadzifunsa kuti mvula ikagwa ndiwafunditsa chiyani. Komanso denga lakelo silinali la bwino. Kuchipinda kwa ana kunkadontha dzinja lililonse, beseni n'kumagona pabedi limodzi ndi eni ake. Ndikawauza abambo awo, yankho linali limodzi: "Ndiona mawa."

Loweruka m'mawa anafikadi, hamala ili m'manja. Makwerero anakabwereka kwa amayi ogulitsa makala kuseri kwa nyumba yathu, amene anapereka ndi manja awiri poganiza kuti munthu akukakonza denga. Abambo anavula nsapato kuopa kuterereka, n'kukwera pang'onopang'ono, chifukwa pamwamba amapaopa kuyambira kale.

Msomali woyamba utangolira, amayi a makala anatulukira, manja ali bii.

"Achimwene, mukutani pamwambapo?"

"Ndikusasula malata anga, amayi."

"Mukusasula? Ana ali m'nyumba? Ndi makwerero anga? Iyayi, tchimo limenelo musandilowetsemo ine!"

Ananyamula makwerero awo n'kumapita, osacheuka. Abale inu, kuseka kumene ndinaseka tsiku limenelo! Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi belo langa la kaunjika, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha phwete.

"Mayi a ana, tawauzani abweretse makwererowo."

"Pepani bambo, makwerero sanali pa katundu wogawana."

Dzuwa linakwera, malata anayamba kutentha. Munthu wamkulu wandevu zake anayamba kuvina pamwamba pa nyumba, phazi ili m'mwamba, phazi ilo pansi. Akabaza odutsa mumsewu ankaliza mabelu n'kumafunsa ngati kumwambako kukupezeka netiweki. Osesa aja anasiya zonamizira, anangotulutsa mipando.

Pothawa moto, abambo anakwawira mbali imene nthambi za mango zimagwetsa mthunzi padenga. Anakhalitsa kumeneko mpaka ndinadzuka kuti ndione ngati sanakomoke. Ndinawapeza atagwada, diso lili pa bowo la dzimbiri.

"Kodi pano ndi pachipinda cha ana?"

"Eya."

"Ndikuona bedi lawo."

"Ndi bowo lanu lija la mawa."

Ndinayembekeza kuti abweza mawu, pakuti pa zobwezerana tonse tinali akatswiri. Koma iwo anasisita dzimbiri lija ndi chala, likunyenyeka, kenako anayankhula motsitsa, moti osesa aja sanamve.

"Mayi, mungandipezere phula ndi kachidutswa ka lata?"

Ndinathamangira kumsika, chitenje chikuuluka. Phula ndi botolo la madzi tinawakwezera pa nsungwi yaitali. Amayi a makala anaima potero, manja m'chiuno, ndipo anati makwerero sabwera mpaka atamva hamala ikukhomera m'kati, osati kuzula. Anamvadi. Abambo anamata bowo lija, anabwezera msomali umene anazula, n'kufufuza denga lonse akupsa mapazi, kumata paliponse pokayikitsa.

Atatsika nkhope inali itapsa ngati chimanga chootcha. Ndinawapatsa thobwa, anamwa osapuma. Atavala nsapato anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti, "Malatawo ndi a ana." Anathokoza amayi a makala, omwe anawayankha kuti ulendo wina azinena kaye ntchito yake asanabwereke chinthu cha mwini. Abambo anakwera njinga yawo kubwerera ku Area 25. Banja silinabwerere, ndipo ine sindinalifunenso. Koma tikakumana masiku ano pa nkhani za sukulu ya ana, ndimawafunsa ngati mapazi anapola, ndipo timaseka tonse.

Mvula yoyamba inagwa masana ena, yamphamvu, fumbi lonse la Chinsapo n'kununkhira. Mwa chizolowezi ndinatola beseni n'kuthamangira kuchipinda kwa ana. Ndinaima pamenepo beseni lili m'manja, maso ali kudenga, kudikira dontho. Mvula inkaomba malata ngati ng'oma, ana akudumphadumpha pabedi louma. Zaka zonse za ukwati denga lija linkadontha, linadzasiya ukwati utatha. Ndinasangalala mpaka ndinalira, ndipo ulendo uno ndinalira kwambiri. Kenako ndinatuluka n'kukatchera beseni lija panja, kuti lilandire madzi ochapira.