Mafunso a Amayi Edita

Lettie Jere anali kuchapa mabulangete pamene Fackson, woliza belu kutchalitchi, anaima pampanda chipewa chili m'manja.

"Amake Tamiwe, Amayi Edita atisiya m'mawa uno."

Lettie sanalire. Anayang'ana pakhonde pomwe panakhala mwana wake Tamiwe, ndodo ili pamiyendo.

Amayi Edita Mbewe anabadwira ku Chiparamba, mwana wa mphunzitsi wa mishoni. Anakwatiwa, anaika m'manda mwamuna ndi ana awiri, koma palibe anawamva akudandaula. Mpaka kuukalamba ankaphunzitsa kalasi ya katekisima: iwo funso, ana yankho. Ankati, "Chimene wayankha ndi pakamwa pako sichikuthawa."

Tamiwe atayamba kupunthwa pabwalo losalala, maso kuchita chifunga, madokotala a ku Lusaka anati ndi MS, matenda a mitsempha osachizika. Kenaka kuiwala. Mawu a dokotala ankathera pakhomo la chipatala, zolembedwa sankaziona. Lettie anali ndi msika, ana ena, munda. Amayi Edita, ndi miyendo yawo yotupayo, ndiwo ankamuperekeza Tamiwe kuchipatala, n'kusandutsa malangizo onse katekisima.

"Madzi osamba akhale otani?"

"Ozizira ngati moni wa apongozi, amayi!"

"Iwe, za apongozi dokotala sananene."

Mankhwala, masiku okaonana ndi dokotala, zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala, chilichonse chinali ndi funso lake. Koma yankho linkabwera pokhapokha funsolo litafunsidwa m'mawu ake omwewo. Kangapo konse Amayi Edita anamuuza Lettie, "Khalani pansi muwaphunzire mafunsowa. Ine si mwala."

"Mawa, amayi," ankatero Lettie.

Fackson anati Amayi Edita anawapeza atakhala pampando wawo pansi pa mango, manja ali pachifuwa, nkhope ili phee ngati akudikira mwana ayankhe. Mpingo wataya mtumiki amene sanafunepo kutchulidwa paguwa.

Fackson atachoka, dzuwa la Okutobala linali litaswa kale mtengo. Lettie anaima ndi thovu m'manja.

"Tamiwe, madzi osamba akhale otani?"

"Ozizira ngati moni wa apongozi."

"Nanga mapiritsi atsopano aja, umamwa bwanji?"

Tamiwe ankasisita dzanja lamanzere, lija linali bwinobwino dzulo.

"Funsani bwino, amama. Sankafunsa choncho."

Lettie anawerama, n'kubwezera manja m'beseni. Bulangete linali litamwa madzi, lolemera. Anayamba kulifikisa, milomo ikuyesa mawu ena, kenaka enanso.