Mikono ya m'dilowa

Kuseri kwa chipatala, pafupi ndi kochapira, kuli kachipinda ka windo limodzi komwe kumagwira ntchito mayi wosoka. Aliyense amangowatchula kuti Amakina, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zinayi chimene chakhala chikumveka m'menemo ndi phokoso la makina awo, osati mawu awo. Ntchito imene anawalembera ndi kuika zigamba pansalu za pabedi ndi kubwezera mabatani pamayunifolomu a anamwino, amene amanenepa okha koma n'kumanamizira ochapa kuti akuchepetsa zovala. Kunyumba amakhala okha. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana sanakhale naye.

Ntchito ina anadzipatsa okha. Kuwodi ya ana kumabwera ana amene khungu la padzanja lachoka lonse, mitsempha ili pamtunda. Dokotala amatsegula khungu la pamimba pa mwanayo osalidula lonse, n'kusokerera dzanjalo pamenepo, kuti khungulo lizilandirabe magazi mpaka ligwirane ndi dzanja. Masabata atatu dzanja limakhala pamimba, kenako amadula, dzanjalo n'kuchoka ndi khungu latsopano. Mwana wotere malaya sangavale. Choncho Amakina ankatenga chovala cha mwanayo, kumasula mkono umodzi, kutsegula m'mbali n'kuikamo zingwe zomangira. Mkono wochotsawo ankaupinda n'kuusunga m'dilowa, ndipo dzanja likamasulidwa, mayi wa mwana ankabwera ndi chovalacho kuti mkono ubwerere pamalo pake.

Koma m'dilowamo munali mikono khumi ndi inayi imene eni ake sanabwere. Amakina sankafunsa aliyense, poti kufunsa si khalidwe lawo. Mumtima anagamula kale kuti manja amenewo anakanika, khungu linafa, ndipo dilowalo ankalitsegula monyinyirika.

Chaka chino kunabwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Dzanja lake lamanja linalowa m'tcheni cha njinga yamoto ya bambo ake. Anamwino ankamutcha Wapawindo chifukwa cha pamene panali bedi lake. Mayi ake anamwalira, azakhali omudikirira anali ndi khanda moti ankasowa masana onse, ndipo bambowo ankabwera Lamlungu lokha, n'kuima kumiyendo kwa bedi maso ali pansi.

Amakina atabweretsa diresi lake lachikasu lili ndi mkono umodzi, mwanayo analiyang'ana mokwiya.

"Mwandidulira diresi."

"Sindinadule, ndamasula. Zodula n'za adokotala."

"Nanga mkono wake uli kuti?"

"Ndasunga. Ukachira ndidzabwezera."

"Mukunama."

"Iwe! Ndikanakhala mayi ako ndikanakutsina."

"Tsinanitu," anatero mwanayo osaseka, n'kuwapatsa tsaya.

Amakina anangomumanga zingwe za diresilo n'kutuluka, koma tsiku lonselo mizere imene ankasoka inali yokhota.

Patapita masiku asanu, namwino wamkulu anabwera kudzatenga yunifolomu yake akudandaula. Anati Wapawindo akangomva njinga yamoto kumsewu amadzambatuka kuti asuzumire ngati ndi bambo ake, kuiwala kuti dzanja lili pamimba. Ulusi wina unali utaduka kale ndipo m'mphepete mwa khungulo munayamba kuda. "Akakokanso kamodzi, basi, khungu lifa," anatero namwinoyo.

Amakina anamva ngati dilowa lija latseguka lokha. Anasoka lamba wamkulu wa nsalu yofewa wogwira chigongono kuti chisachoke m'nthiti, adokotala n'kuvomereza. Koma lamba sagwira mtima wa mwana. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi yopuma masana ikakwana, ankanyamula chitini chawo cha mabatani n'kupita kuwodi. Ankakhuthula mabataniwo pabedi kuti mwanayo azisankha ndi dzanja lamanzere, oyera paokha, akuda paokha. Njinga ikalira kunja, Amakina ankaika dzanja paphewa pake.

"Khala pansi, si iwo. Paja unati ya bambo ako imatsokomola."

"Iyi sinatsokomole?"

"Iyi ili ndi thanzi. Ndipatse batani lofiiralo."

Anamwino anayamba kuwaseka kuti Amakina abereka kuukalamba. Iwo ankayankha kuti akungofuna wowasankhira mabatani, koma linali bodza. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri panali munthu wowadikira, wowafunsa chifukwa chake achedwa.

Kuda kwa m'mphepete mwa khungu kuja kunatha pang'onopang'ono. Lachinayi la sabata yachitatu adokotala anamasula dzanjalo. Lachisanu Amakina analipeza lili m'bandeji pamwamba pa pilo, mwini wake ali m'tulo, ndipo palibe akanadziwa ngati khungu lagwira mpaka atamasula bandejiyo. Loweruka ndi Lamlungu iwo sagwira ntchito. Masiku awiri amenewo anasesa m'nyumba yosesa kale.

Lolemba anatulutsa mkono wachikasu uja, kuusita, kuika ulusi wofanana nawo pasingano, n'kupita kuwodi. Pabedi la pawindo panali mwana wina.

"Anatuluka dzulo," anatero namwino wamkulu akumwetulira. "Khungu lagwira bwinobwino, zala zonse zikugwedezeka. Bambo ake anachita kulira ngati mwana. Mabala azikatsukitsa kuchipatala cha kwawo."

"Nanga mkonowu? Wapita ndi diresi la mkono umodzi?"

"Aa, Amakina, wochira msanga amakumbuka mkono? Amenewo amathamanga. Obwera kwa inu ndi aja timawasunga nthawi yaitali, amayi awo atatopa n'kukhala."

Amakina anabwerera kukachipinda kawo. Anatulutsa mikono khumi ndi inayi ija n'kuiyala patebulo, wa buluu, wa mizeremizere, wina waung'ono ngati sokosi. Zaka zonsezi ankalirira ana amene mwina pano akulemba, akusoka, akupatsa anthu moni. Anakondwa, zoonadi anakondwa, koma zinawawanso kudziwa kuti onsewo anachira n'kupita osasuzumirako n'komwe kuseriko. Anaika wachikasu pamwamba pa inzake n'kutseka dilowa.

Makina analira m'mawa wonse. Masana atakwana, Amakina anadzidzimuka atafika kale pakhomo, chitini cha mabatani chili m'manja.