Shuga m'vinyo wa asewele

Ine lilime langa ndimalikhulupirira. Zaka zonse zimene ndakhala ndikufulula mowa wa kabanga kuno ku Majaua, palibe anabwezapo chikho n'kunena kuti mowa wa mayi uja wasasa. Ndikangolawa ndimadziwa kuti uwu ufuna tsiku lina, uwu wapsa. Ndiye musafulumire kundiseka pa zimene ndinachita tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi.

Mwanayo amaphunzitsa ku tauni ya Milange, ndipo n'kumene anapezana ndi mnyamata wake. Bambo a mnyamatayo anali munthu wa nsapato zonyezimira, amene anakalamba akuperekera zakudya m'hotela ku Quelimane, ndipo akazi awo anali atamwalira. Mphekesera inali itandipeza kale yoti sankakondwa kuti mwana wawo akwatire kwa mayi wofulula mowa. Mwana wanga anandichonderera sabata yonse. "Amayi, chonde, tsiku limenelo pakamwa panupo mupagwire. Bambo aja akakhumudwa, ukwati wanga wathera pomwepo."

Bambowo ndi anthu awo anafika chakumasana pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Ankhoswe atamaliza zawo pansi pa mtengo wa mango, bambowo anatulutsa mabotolo awiri okulungidwa m'thaulo. Anati onsewo ndi vinyo wa dera limodzi la ku Portugal lotchedwa Alentejo, kotentha ndi kouma ngati kwathu kuno mvula isanagwe. Wina anali woyera, wina wofiira. Woyerayo anali atangogula kumene. Wofiirayo anapatsidwa ndi bwana wawo popuma ntchito, n'kumusunga kudikira tsiku limeneli.

Botolo la woyera analiviika mumtsuko wa madzi kuti lizizire. La wofiira analitsegula ndi kawaya kopotana, n'kukhuthulira m'jagi yanga, amvekere ndikaike pamthunzi vinyoyo apume kaye. Chakumwa kupuma! Ndinakumbukira pempho la mwana wanga, ndinangoti chabwino.

Tsono kwathu kuno chakumwa sichifika kwa mlendo mwini khomo asanalawe. Ndili ndekha kukhitchini ndinathira pang'ono m'kapu. Fungo lokha linali labwino ndithu, la mabulosi akupsa kwambiri, ndi kautsi ka nkhuni chapatali. Koma nditameza, mayo ine! M'kamwa monse munauma gwa, ngati ndatafuna nthochi yaiwisi. Ndinati basi, dzuwa la m'njira lawaonongera bambowa chinthu chawo. Ndinawamvera chisoni, zoonadi. Munthu wasunga botolo zaka ndi zaka, lero achite manyazi pamaso pa alongo anga, anthu oti pakamwa pawo mpoposa panga? Ndinatapa shuga masipuni atatu n'kuyamba kutakasa.

Mwana wanga analowa sipuni ili m'manja.

"Amayi! Mwatani?"

"Ndakonza. Anali ataonongeka."

"Sanaonongeke! Amakhala choncho vinyo wofiira, amamwera nyama!"

"Nanga anthu anzeru zawo amamweranji chinthu chomanga m'kamwa?" Ndinayankha mokalipa. Iye anangogwira kumutu, misozi ili mbwembwembwe. Madzi akatayika saoleka. Tinanyamula mbale n'kutuluka.

Anayamba ndi woyera. Bambowo anathira aliyense pang'ono, kenaka anatembenukira kwa ine. "Mayi, ndamva kuti ndinu katswiri wa zakumwa. Mukupezamo chiyani?" Ndinadziwa kuti akundiyesa. Ndinanunkhiza, ndinalawa, n'kunena zimene lilime linandiuza: kuti muli ndimu, muli gwafa wongoyamba kupsa, ndipo akadutsa pakhosi m'kamwa mumatsala mopepuka. Ndinatinso ameneyu afuna nkhuku yootcha kapena nsomba, nyemba zingamuphe. Bambowo anakweza nsidze. "Mwalasa," anatero. Ndinaona mwana wanga akupumira m'mwamba pang'ono.

Kenaka inabwera nyama ya mbuzi, ndipo bambowo anaitanitsa jagi ija. Anayamba amufotokoza vinyoyo asanamwe, kuti ndi wolemera, wa mphesa zakuda zopsa ndi dzuwa lambiri, wogonekedwa m'migolo yamatabwa, ndipo kuuma kwake m'kamwa n'kumene kumatsuka mafuta a nyama. Mawu aliwonse ankandilasa. Anazunguza kapu, ananunkhiza, anamwa.

Anamwanso kachiwiri, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono. Nditayang'ana ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwa munthu wamkulu.

Ine kubisa sindidziwa. Ndinapita n'kukagwada patsogolo pawo, ine amene sindigwadira munthu wamba. "Bambo, wolakwa ndine. Ndinalawa monga mwa mwambo wathu, ndinayesa waonongeka, ndiye ndinathiramo shuga kuti musachite manyazi. Mundikalipire ine. Mwana wangayu asafere za mayi wake."

"Masipuni angati?" anafunsa.

"Atatu."

"Malemu ankathira awiri."

Sindinamvetse. Anapukuta m'maso ndi thaulo lija n'kufotokoza kuti pa Khirisimasi iliyonse ankabwera kunyumba ndi vinyo wofiira, ndipo akazi awo ankathiramo shuga iwo akangotembenuka. Ankakangana chaka ndi chaka, mayiwo osasintha. "Botolo ili tinapangana kuti tidzamwa limodzi mwana wathu akadzapeza banja. Ndabwera njira yonseyi mtima ukuwawa kuti lero ndimwa vinyo wabwinobwino, wopanda wondionongera." Anaseka misozi ikadali m'maso. "Dzukani, asewele. Thirirani anthu amwe."

Asewele! Mawu amenewo, oitanirana makolo a mwamuna ndi a mkazi akavomerezana, ndi amene mwana wanga ankawadikira, ndipo anathawira kukhitchini kukalira bwino. Alongo anga anamwa n'kuyamikira kuti vinyo wa Azungu ndi wotsekemera, ine osawatsutsa.

Ukwati unachitika, ndipo pano ndili ndi mdzukulu. Asewele amabwera kukakhala ubatizo kapena chikondwerero, botolo la ku Alentejo lili m'thaulo. Anandiphunzitsa kumwa wofiira pambuyo pa nthuli ya mbuzi, ndipo ndivomere, kuuma kuja ndayamba kukumva kukoma. Iwonso kabanga wanga amamwa, ngakhale amati ngwaukali. Koma tisanayambe amathira kapu imodzi pambali, n'kundikankhira chitini cha shuga.

"Awiri okha, asewele," amatero. "Inu dzanja lanu ndi lolemera."